RONALD FISHER, KATSWIRI WA MASAMU A ZOKOLOLA

Mlimi wa mpunga wa ku Likangala kapena ku Domasi, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, amadziwa kuti zaka sizifanana. Nyanjayi inaphwa m'chaka cha 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri anakhala pamatope. Zokolola zikachepa, mlimi amafunsa: kodi yalakwa ndi mvula, mbewu, kapena nthaka yaguga? Mmodzi mwa anthu amene anakonza njira yoyankhira funso limeneli ndi masamu anali Ronald Aylmer Fisher.

Fisher anabadwira mu mzinda wa London pa 17 February 1890. Maso ake anali ofooka chiyambire ubwana, kotero kuti anamuletsa kuwerenga usiku ndi nyali. Mphunzitsi wake ankamuuza masamu pakamwa, iye nazolowera kuwawerengera mumtima popanda pepala. Amayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 14. Komabe analimbikira sukulu, natsiriza maphunziro ake ku Cambridge mu 1912. Nkhondo yaikulu itabuka anafuna kulowa usilikali, koma anamukana kaamba ka maso omwewo. Motero anayamba uphunzitsi, ntchito imene mtima wake sunaikonde.

M'chaka cha 1919 John Russell, mkulu wa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted, anamuitana. Kumeneko kunali munda wotchedwa Broadbalk, momwe ankadzala tirigu chaka ndi chaka kuyambira 1843, nalemba zokolola za ndime iliyonse. Mabuku anali atachuluka, koma panalibe wodziwa kutapamo nzeru. Fisher anagawa kusinthasintha kwa zokololazo m'magawo: gawo lobwera ndi kuguga kwa nthaka, gawo losintha pang'onopang'ono, ndi gawo lotsata nyengo ya chaka chilichonse. Mu 1924 anaonetsa kuti kuchuluka kwa mvula pakokha sikufotokoza zonse, pakuti nthawi imene mvulayo yagwa ndi yofunikanso.

Anaphunzitsanso kayesedwe koyenera ka mbewu ndi feteleza. Mbewu ikadzalidwa pa ndime imodzi yokha, ingachite bwino chifukwa ndimeyo ili pachulu. Tsono iyenera kudzalidwa pa ndime zingapo, ndipo ndimezo zisankhidwe mwa maere, kuti wofufuza asakondere. Mfundozi anazilemba m'mabuku ake a 1925 ndi 1935, ndipo ofufuza zaulimi akuzitsatira kufikira lero.

Nzeru yoyerekeza mvula ndi zokolola ndiyo tsinde la inshuwalansi ya nyengo, imene inadza iye atamwalira kale. M'Malawi muno inayesedwa mu 2005 pakati pa alimi a mtedza a bungwe la NASFAM. Malipiro sankadikira kuti munthu adzayendere munda. Mvula yoyezedwa pa siteshoni ya zanyengo ikaperewera pa muyeso wogwirizana, ndalama zinkatuluka. Vuto lake ndi lakuti mvula ingagwe pa siteshoni koma n'kulambalala munda wa mlimi, iye natsala chimanjamanja.

Fisher anachoka ku Rothamsted mu 1933 nakaphunzitsa ku London, kenaka ku Cambridge, ndipo mu 1952 analandira ulemu wa Sir. Koma ngakhale wanzeru amaphunthwa. Iye ankalimbikitsa chiphunzitso choti anthu ena ndi oyenera kubereka koposa anzawo, ndipo anatsutsa umboni woti kusuta fodya kumayambitsa khansa ya m'mapapo. Pa zonse ziwirizi mbiri yamuweruza, mwakuti mu 2020 koleji yake ya ku Cambridge inachotsa zenera lomukumbukira.

Anamwalira ku Adelaide, m'dziko la Australia, pa 29 July 1962. Ntchito yake inatheka chifukwa anthu ena analemba zokolola mokhulupirika kwa zaka zoposa 70. Mphunzitsi wa ku Kachulu amene ayeza mvula pabwalo la sukulu, ndi ana ake nalemba m'kope tsiku ndi tsiku, akuyala maziko a mtundu womwewo.