Geoffrey Chaucer

Kalekale ku England, Chingerezi chidalibe ulemu umene chili nawo lero. Mafumu ndi nduna zawo ankakonda Chifalansa, pamene ansembe ndi anthu ophunzira ankalemba Chilatini. Ambiri ankayesa Chingerezi chilankhulo cha kumsika ndi kumunda. M'masiku amenewo, cha m'ma 1340, mumzinda wa London mudabadwa mwana dzina lake Geoffrey Chaucer.

Atate ake adali munthu wogulitsa vinyo. Akali mnyamata, Chaucer adakatumikira kunyumba ya mwana wa mfumu. M'chaka cha 1359 adapita kunkhondo ku France, ndipo adani adamgwira. Mwayi wake, Mfumu Edward wachitatu idapereka mapaundi 16 pothandiza kumuombola. Pambuyo pake mfumu inkamtuma kumaiko ena. Ku Italy adadziwa ndakatulo za Dante ndi alembi ena amene ankalemba m'chilankhulo cha kwawo.

Kuyambira 1374, Chaucer ankayang'anira msonkho wa ubweya wa nkhosa padoko la London. Masana ankawerengera ndalama, koma usiku ankawerenga mabuku ndi kulemba ndakatulo. Iye adasankha kuzilemba m'Chingerezi.

Buku lake lotchuka ndi The Canterbury Tales. M'bukumo anthu pafupifupi 30 ali paulendo wokapemphera pamanda a Thomas Becket ku Canterbury. Kuti njira ifupike, apangana zosimbirana nthano, ndipo wosimba bwino koposa adzamgulira chakudya pobwerera. Pagululo pali msilikali wolemekezeka, mwini chigayo, wophika, asisitere, ndi mayi wina wolongolola amene adakwatiwapo kasanu. Aliyense amalankhula monga mwa khalidwe lake; ena amaphunzitsa, ena amaseketsa, ena amangonyozana. Chaucer adadziikamo nayenso, ndipo chokondweretsa n'chakuti adadzipatsa nthano yosakoma, mpaka mtsogoleri wa ulendo adamdula pakamwa!

Munthu aliyense adayenera kusimba nthano zinayi, koma Chaucer adalemba 24 zokha. Adamwalira m'chaka cha 1400 bukulo lisanathe. Nthawi imeneyo ku England kudalibe makina osindikizira, choncho alembi ankakopera nthanozo pamanja kufikira William Caxton adazisindikiza cha m'ma 1476. Chaucer adaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha Westminster Abbey, ndipo patapita zaka alakatuli ena otchuka adayamba kuikidwa pafupi ndi manda ake.