John Moir, mzungu wa mandala amene dzina lake lidakhala la masitolo

Anthu a ku Chilobwe amene adakula m'zaka za m'ma 1980 akamakumbutsana za masitolo akale, maina amene amabwera msanga pakamwa ndi Kandodo ndi PTC. Kandodo idazimirira kalekale, ndipo PTC, imene inkaoneka ngati mtengo wosagwa, idatseka zitseko mu 2022. Koma lilipo dzina lina lakale kuposa onsewa, limene achinyamata a lero amalidziwa ngati dera chabe, lija lili pakati pa Ginnery Corner ndi tauni ya Blantyre. Dzinalo ndi Mandala. Lisadakhale la dera lidali la masitolo amene adafika m'maboma ambiri a dziko lino mpaka ku Northern Rhodesia, ndipo lisadakhale la masitolo lidali dzina limene anthu a kuno adapatsa munthu mmodzi, John William Moir.

Moir adabadwira mumzinda wa Edinburgh ku Scotland mu 1851. Bambo ake adali dokotala wodziwika, ndipo banja lawo lidali lolimbikira za tchalitchi. David Livingstone atamwalira mu 1873, achinyamata ambiri a ku Scotland adatengeka ndi chiphunzitso chake choti malonda a akapolo sangathe ndi ulaliki wokha, koma pafunika malonda ena olowa m'malo mwake. John ndi mng'ono wake Frederick adali m'gulu la otengekawo. Mu 1877 adapita ku Dar es Salaam kukagwira ntchito yolambula msewu wolunjika ku nyanja yathu, koma msewuwo sudapite patali. Chaka chotsatira, anthu achuma a ku Glasgow, mmodzi mwa iwo James Stevenson, adakhazikitsa kampani ya Livingstonia Central Africa Company ndi mpamba wa mapaundi 20,000, nasankha abale awiriwa kuti aiyendetse limodzi. Kampaniyi ndiyo idadzatchedwa African Lakes Company, kenako African Lakes Corporation.

Chimene chidawakhazika ku Blantyre ndi mathithi a mtsinje wa Shire. Katundu wochokera ku Ulaya ankatsikira ku Quelimane, n'kukwera Zambezi ndi Shire pa sitima yaing'ono ya Lady Nyassa mpaka kwa Katunga ku Chikwawa. Kuchokera pamenepo sitima sinkatha kupitirira. Mitolo yonse inkasenzedwa pamutu, amtengatenga n'kukwera nayo chitunda cha Chikwawa, kudutsa ku Blantyre, kukatsikira ku Matope kumene madzi amayambanso kuyendeka. Pakati pa ulendowu pankafunika nyumba yosungiramo katundu. Amishoni a Church of Scotland adali atakhazikika kale kuyambira 1876 m'dziko la mfumu Kapeni, imene mudzi wake udali cha kuphiri la Soche, phiri lomweli limene Chilobwe wa lero adatsamira. Abale a Moir adamanga pafupi ndi amishoniwo, ndipo mu 1882 idatha nyumba yosanja ya njerwa zosaotcha imene tsopano timaitcha Mandala House, yakale kuposa nyumba zonse zachizungu zimene zidakali chiimire m'Malawi muno. Lero mumasungidwa mabuku ndi zikalata za bungwe la Society of Malawi.

John ankavala magalasi a m'maso, chinthu chimene chidali chachilendo masiku amenewo, ndipo anthu poona kunyezimira kwake adangomutcha Mandala. Dzina la kampani lidali lalitali ndi lolemera pa lilime, choncho wopita kukagula nsalu kapena kukafuna ganyu ankangoti akupita kwa Mandala. Eni kampani adaliona dzinalo kuti lagwira, nalilemba okha pa zikwangwani.

Sitolo ya nthawi imeneyo sidali ya ndalama. Nsalu ya kaliko ndiyo idali ndalama, yoyezedwa ndi mikono, ndipo pambali pake padali mikanda, waya wa mkuwa, mchere ndi sopo. Wamtengatenga ankalipidwa nsalu, mfumu inkapatsidwa nsalu, nkhuku inkagulidwa ndi nsalu. Pofuna antchito okhazikika, kampani idayamba kubweretsa Atonga kuchokera ku Bandawe ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja, ndipo ulendo wa anthu a kumpoto wodzafuna ntchito ku Blantyre udayambira pomwepo. Abale a Moir adakana kugulitsa kachasu wa ku Ulaya kwa anthu a kuno, pamene amalonda a Chipwitikizi kumunsi kwa Zambezi ankalemera naye. Pa ichi ayenera kuyamikidwa.

Vuto lidali pa minyanga ya njovu. Thonje, mtedza kapena khofi sizikadalipira mtengo wa ulendo wautali chotere. Katundu yekhayo amene ankasiya phindu adali minyanga. Ndipo amene adali nayo yambiri adali amalonda Achiswahili ndi mafumu Achiyao, omwewo amene ankagwira ndi kugulitsa anthu. Iwo sankafuna nsalu yokha, ankafunanso mfuti ndi wonga. Kampani imene idabwera kudzathetsa ukapolo idapezeka ikugula minyanga kwa eni ukapolo, nthawi zina n'kulipira ndi zida zomwezo zimene ankasakira nazo anthu. Amishoni ena ankadandaula poyera. Ankadandaulanso kuti katundu wawo amachedwa miyezi, amafika atanyowa, ndipo mitengo ya kwa Mandala n'njoboola m'thumba chifukwa padalibe wina wopikisana naye. Olemba mbiri ambiri amavomerezana kuti John Moir adali munthu wopemphera ndi wopirira, koma pa kayendetsedwe ka malonda adali wosalongosoka.

Mu 1884 zinthu zidatsala pang'ono kuthera panjira. George Fenwick, mzungu amene adagwirapo ntchito kwa amishoni ndi ku kampani, adawombera ndi kupha Chipatula, mmodzi mwa mafumu a Amakololo a kumunsi kwa Shire. Anthu a Chipatula adamupha Fenwick, namiza Lady Nyassa, ndipo njira yokhayo yotulukira kunyanja yaikulu idatsekeka. Padatenga zokambirana ndi mfumu Kasisi, imene azungu ankaitcha Ramakukan, kuti njira itsegukenso ndi kuti sitimayo ivuulidwe.

Zitatha izi Moir adayamba kuganiza zoti kampani isamangogulitsa koma izilamulanso. M'zaka zapakati pa 1884 ndi 1886 adayenda m'midzi ya mafumu ambiri ndi mapepala a mapangano, mafumu osadziwa kuwerenga n'kumaikapo chizindikiro. Cholinga chake chidali choti boma la Britain lipatse kampani chilolezo cholamulira dziko, monga lidadzachitira ndi kampani ya Cecil Rhodes. Amishoni a ku Blantyre adatsutsa, ponena kuti kampani yolephera kufikitsa makalata pa nthawi yake singalamulire anthu, ndipo chilolezocho sichidabwere. Koma mapepalawo sadafe. Adadzakhala maziko a umwini wa malo, makamaka kumpoto, kumene maekala oposa 2 miliyoni adalembedwa kuti ndi a kampani ndipo pambuyo pake adagwera m'manja mwa British South Africa Company. Pa zonse zimene Moir adachita, ichi ndicho chovuta kuchikhululukira, pakuti mfumu imene idalandira mikono ingapo ya nsalu sikadadziwa kuti pepalalo lidzawerengedwa ngati kugulitsa nthaka ya makolo.

Kenako idabwera nkhondo ya ku Karonga. Kampani idatsegula sitolo kumeneko mu 1884 pansi pa Monteith Fotheringham, ndipo wogulitsa minyanga wamkulu adali Mlozi. Mu 1887 Mlozi adaukira Ankhonde, napha anthu ambiri pa dambo la Kambwe, kenako adazinga sitolo ya kampani. Ogulitsa nsalu adasanduka asilikali. Abale onse awiri adapita kukamenya nawo ndipo onse adalasidwa ndi zipolopolo. Frederick adavulala kwambiri dzanja. Frederick Lugard, amene adadzatchuka ku Uganda ndi ku Nigeria, nayenso adavulazidwa konko mu 1888. Nkhondoyo idatha popanda wopambana mu 1889 pamene Harry Johnston adakambirana za mtendere, ndipo Mlozi adadzanyongedwa ndi boma mu 1895. Chuma cha kampani chidathera m'nkhondoyi, ndipo ndalama za Rhodes ndizo zidaipulumutsa, iye n'kukhala ndi mphamvu pa iyo. Pofika 1891, pamene dziko lino lidalowa pansi pa chitetezo cha Britain, nthawi ya abale a Moir pa utsogoleri wa ku Mandala idali itatha.

Chodabwitsa n'chakuti masitolo a Mandala adakula mwini dzina atachoka. Boma litayamba kufuna msonkho wa ndalama, anthu adayamba kugwira makobidi, ndipo sitolo zidafalikira m'maboma ndi m'misika. Kampani idatsegula banki mu 1894, idayendetsa sitima za panyanja, idalima mphira ku Vizara, ndipo pambuyo pake idagulitsa galimoto za Ford m'dzina la Mandala Motors. Monga zidalili m'nthawi ya atsamunda, malo ogulira azungu adali ena, a anthu akuda ena. Amwenye, amene adayamba kufika m'zaka za m'ma 1890, adailanda msika wa kumidzi pang'onopang'ono chifukwa ankalola kunenerera mtengo ndi kugulitsa zinthu zochepa monga mwa thumba la wogula. Kampaniyo idatha m'zaka za m'ma 2000, itasiya kale masitolo n'kuyesa malonda a intaneti kudzera mu Africa Online.

Moir mwini adakhala zaka zake zomaliza za kuno ku Mulanje, pa esiteti ya Lauderdale, kumene tiyi wochokera ku mbewu za m'munda wa mishoni ya Blantyre adayesedwa koyamba m'boma limenelo. Adali mmodzi mwa amene adalimbikira tiyi pamene khofi ankalephera. Kumeneko adayambanso kuweta njuchi kuti zithandize mbewu zake kubereka.

Mu 1900 adabwerera ku Edinburgh, ndipo zaka makumi anayi zotsala za moyo wake adazipereka ku njuchizo. Adali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la alimi a njuchi la Scottish Beekeepers' Association mu 1912, ndipo adasonkhanitsa mabuku a za njuchi, akale ndi atsopano, m'zinenero zosiyanasiyana, nawapereka ku bungwelo. Frederick, amene adalemba buku la After Livingstone lofotokoza zaka zawo za kuno, adamwalira mu 1939, John namutsatira mu 1940 ali ndi zaka 89. Ku Scotland dzina loti Mandala salidziwa. Amamukumbukira ndi Moir Library, nkhokwe ya mabuku a njuchi imene ikadali mu Edinburgh, ndipo osowa kwambiri mwa mabukuwo amasungidwa ku National Library of Scotland.