Ja'far bin Abi Talib, Swahaba Amene Adafotokoza Chisilamu m'Bwalo la Mfumu ya Chikhristu

M'mwezi wa Ramadhani anthu a zipembedzo zina amatiyang'ana kwambiri, pakuti amaona kuti sitikudya masana. Tsono mafunso amachuluka, ku ntchito ndi pamudzi pomwe. Wina amafunsa ngati timapembedza Muhammad, wina akuti timalambira mwezi, ndipo ambiri adangomva kuti Asilamu amadana ndi Yesu. Musapse nawo mtima. Nkhani ya Yesu imeneyi idazengedwa kale m'bwalo la mfumu zaka zoposa 1,400 zapitazo, ndipo amene adaiyankha anali Ja'far bin Abi Talib, Mulungu asangalale naye.

Ja'far adabadwira ku Makka cha m'ma 590. Bambo wake anali Abu Talib, mwini wake uja amene adalera Mtumiki Muhammad (S.A.W.) ali mwana wamasiye, ndipo Ali bin Abi Talib anali mng'ono wake. Ku Makka kutagwa njala, banja la Abu Talib linali lalikulu ndi losauka, chotero Abbas adatenga Ja'far kukamlera pamene Mtumiki adatenga Ali. Adalowa Chisilamu m'masiku oyambirira, iye ndi mkazi wake Asma bint Umays.

Mazunzo a Akuraishi atafika posauzana, Mtumiki adalangiza omtsatira kuti awoloke nyanja kupita ku Habasha, dera la Ethiopia ndi Eritrea masiku ano, chifukwa kumeneko kunali mfumu imene munthu sankaponderezedwa pamaso pake. Taonani apa: mfumuyo, Najashi, inali Mkhristu, ndipo Mtumiki ankadziwa zimenezo. Gulu loyamba lidanyamuka mu 615. Kenaka padatsatira gulu lalikulu, amuna oposa 80 pamodzi ndi akazi ndi ana, ndipo Ja'far ndiye adali wowalankhulira.

Akuraishi sadagone. Adatuma Amr bin al-As ndi Abdullah bin Abi Rabi'a ndi mphatso za zikopa zofufutidwa bwino, zimene anthu a ku Habasha ankazikonda. Amr, munthu wochenjera zedi, adayamba wapereka mphatso kwa nduna iliyonse payokhapayokha, ndi pempho limodzi lokha: kuti mfumu iwabweze anthuwo isadamve mawu awo. Kwa mfumu adawanenera kuti ndi anyamata opusa amene adasiya chipembedzo cha makolo awo, osalowanso Chikhristu, koma adapeka chipembedzo chachilendo. Nduna zidavomereza. Koma Najashi adakwiya, nakana kupereka anthu othawira kwa iye asadawafunse.

Bodza lokhudza Chisilamu limayenda choncho mpaka lero. Limafuna kuti Msilamu aweruzidwe iye kulibe.

Asilamu aja ataitanidwa sadagwade mpaka mphumi pansi monga zinkachitikira pamaso pa mfumu, ndipo Ja'far adafotokoza kuti sijida ndi ya Mulungu yekha. Mungaone nokha kuti anthu amene ali choncho sangapembedze Muhammad, munthu amene ankadya, kudwala ndi kuyenda m'misika ngati ife tomwe. Kenaka Ja'far adafotokoza moyo wao wakale osabisa kanthu: kuti ankapembedza mafano, kudya zakufa zokha, kuchita zadama, kudula ubale, kuchitira zoipa anansi, ndipo wamphamvu ankadya wofooka. Adati Mulungu adawatumizira Mtumiki wochokera pakati pao, amene ankamdziwa mtundu wake, kuona mtima kwake ndi kukhulupirika kwake. Iyeyo adawalamula kupembedza Mulungu mmodzi, kunena zoona, kubweza chosungitsidwa, kusunga ubale, kuleka kukhetsa mwazi ndi kudya chuma cha ana amasiye, ndiponso kuswali, kupereka chopereka ndi kusala. Kaamba ka zimenezi abale awo omwe adawazunza, ndipo iwo adasankha dziko la mfumuyo pakati pa maiko onse.

Mfumu idafunsa ngati ali ndi kanthu ka zimene Mtumikiyo adabwera nazo. Ja'far adawerenga chiyambi cha Surat Maryam, sura ya 19, imene imasimba za Zakariya ndi kubadwa kwa Yahaya, ndi za Mariya namwali pamene adabereka Isa. Najashi adalira mpaka ndevu zidanyowa, ansembe akenso adalira. Adanena kuti mawu amenewa ndi amene adadza ndi Yesu ndi ochokera pa nyali imodzi.

Koma Amr sadagonje. M'mawa mwake adabwera ndi chida chimene ankadziwa kuti ndi chakuthwa: adauza mfumu kuti anthu awa amanena kuti Yesu ndi kapolo chabe. Umm Salama, amene adali m'gulumo ndipo pambuyo pake adakwatiwa ndi Mtumiki, ndiye adasimba nkhaniyi, ndipo adati sadaonepo tsiku lowawitsa ngati limenelo. Tangoganizani. Ali m'dziko la eni, alibe kothawira, ndipo yankho loona likhoza kukwiyitsa mfumu ndi ansembe onse. Kukadakhala kwapafupi kuzembetsa mawu. Koma adagwirizana kuti anena zimene adaphunzitsidwa, zivute zitani. Ja'far adayankha kuti Isa ndi kapolo wa Mulungu ndi Mtumiki wake, mzimu wochokera kwa Iye, ndi liwu lake limene adaliika mwa Mariya namwali woyera. Najashi adatola kamtengo pansi, nanena kuti Yesu sapyola zimene Ja'far wanena ngakhale ndi kamtengo kameneko. Nduna zidang'ung'udza, iye sadasamale. Adalamula kuti mphatso zibwezedwe kwa eni ake, Asilamu akhale mwamtendere.

Ine pamenepa ndi pamene ndimaona ukulu wa Ja'far. Sadanyoze chikhulupiriro cha womsunga, komanso sadanamize kuti palibe kusiyana. Kusiyana kulipo ndithu: ife sitinena kuti Isa ndi mwana wa Mulungu. Koma munthu wokana Isa kapena wonyoza mayi wake sali Msilamu. Dzina la Isa likupezeka m'Qur'an ka 25, la Mariya ka 34, ndipo Mariya ndiye mkazi yekhayo amene Qur'an yamtchula dzina. Ambiri amene amatifunsa sadamvepo zimenezi, ndipo ena a ife tomwe sitizidziwa. Ngakhale dzina loti Allah, limene ena amaliyesa la mulungu wina, ndi lomwe Akhristu olankhula Chiarabu amalitchula m'matchalitchi mwao.

Ja'far adakhala ku Habasha zaka zoposa khumi. Ana ake Abdullah, Muhammad ndi Awn adabadwira komweko. Nthawi ina munthu wina adaukira Najashi kufuna kulanda ufumu. Asilamu adampempherera mfumu ya Chikhristuyo kuti ipambane, ndipo Zubayr bin al-Awwam adawoloka mtsinje atagwira thumba lachikopa louzira mpweya kuti akaone m'mene nkhondo ikuyendera. Mabuku athu a mbiri akunena kuti Najashi adadzalowa Chisilamu, ndipo atamwalira mu 630 Mtumiki adamswalira swala ya maliro ali ku Madina. Nayenso Amr uja adalowa Chisilamu mu 629.

Ja'far adafika kwa Mtumiki mu 628, Khaybar itangogonjetsedwa. Mtumiki adampsompsona pamphumi, ndipo adasowa chonena kuti chamsangalatsa koposa ndi chiti, chipambanocho kapena kubwera kwa m'bale wakeyo. Ku Madina adatchedwa tate wa masikini. Abu Huraira, amene ankagona ndi njala kawirikawiri, adasimba kuti Ja'far ankawatengera kunyumba kukawadyetsa chilichonse chimene chilipo, ndipo zikatha ankatulutsa kathumba kachikopa kosungira mafuta kopanda kanthu, iwo nkukang'amba ndi kunyambita zotsalira.

Sadakhalitse. Mu 629 mthenga wa Mtumiki, Harith bin Umayr, adaphedwa ndi mkulu wina wa fuko la Ghassan, limene linali pansi pa Aroma, ndipo kupha mthenga kunali kuputa nkhondo. Asilikali 3,000 adatumizidwa ku Mu'tah. Adani a tsiku limenelo ambiri anali Akhristu, inde, koma mlandu unali mwazi wa mthenga. Munthu yemweyu adakhala mwamtendere ndi Akhristu zaka zonse zija. Zayd bin Haritha ataphedwa, Ja'far adanyamula mbendera mpaka manja onse awiri adadulidwa. Abdullah bin Umar adawerenga mabala 50 pathupi pake, ndipo panalibe ndi limodzi lomwe kumsana. Mtumiki adauza anthu kuti Mulungu wampatsa mapiko awiri ku Jannah m'malo mwa manja aja, nchifukwa chake amatchedwa Ja'far al-Tayyar, kutanthauza wouluka. Manda ake ali ku al-Mazar, pafupi ndi Karak m'dziko la Jordan.

Uthenga utafika ku Madina, Mtumiki adapita kunyumba kwa Asma, nakumbatira ana a Ja'far misozi ili m'maso. Kenaka adalamula a m'nyumba mwake kuti aphikire banja lofedwalo chakudya, pakuti chisoni chinali chitawatangwanitsa.