Kamuzu wa m'Makalata ndi Kamuzu wa Pamaso

Kwathu ndi ku Kasungu. Ndikapita kutchuthi ndimapeza bambo ali m'chigafa kusoka fodya, ndipo zonse zimene ndinawalembera m'kalata amandifunsanso ngati sanaziwerenge, akundiyang'ana m'maso. Izi zimandikumbutsa munthu wa kwathu komweko, Dr. Hastings Kamuzu Banda.

Kamuzu anachoka ku Kasungu cha m'ma 1915 ali mnyamata, nayenda wapansi kupita ku Southern Rhodesia, kenaka ku Johannesburg. M'chaka cha 1925 anaolokera ku America komwe anatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry mu 1937. Anagwira ntchito ku Liverpool, ku London, ndi ku Kumasi m'dziko la Ghana.

Zaka zoposa 40 sanaponde kuno. Ambiri ankangomudziwira m'makalata. Chipani cha Nyasaland African Congress chitayamba mu 1944, iye ankachitumizira malangizo ndi ndalama. Achinyamata monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume anaona kuti pakufunika munthu wachikulire ndi wophunzira woti athetse chitaganya, ndipo Chipembere anamulembera kumupempha kuti abwere kwawo.

Anatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958. Apa mpamene panaoneka zimene kalata inabisa. Chinyanja chinali chitamuthawa pakamwa, moti pamisonkhano ankalankhula Chingerezi, wina nkumamasulira. Komabe anthu atamuona ndi kumva mawu ake anatekeseka kuposa mmene kalata iliyonse ikanachitira. Atsamunda anamutsekera ku Gwelo mu March 1959 mpaka April 1960.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi cha 1964. Ufulu unabwera pa 6 July, koma pofika September nduna zinali zitakangana naye. Anthu amene ankagwirizana bwino papepala analephera kukhala pa tebulo limodzi. Ine ndikuganiza kuti sankamudziwa kwenikweni amene anamuitanayo. Chiume anathawira ku Tanzania. Chipembere anamwalirira ku America mu 1975.

Chodabwitsa nchakuti chimene chinagwedeza ulamuliro wake chinali kalatanso. Pa 8 March 1992 kalata ya Aepiskopi athu inawerengedwa m'matchalitchi, yonena zomwe anthu ankaopa kumuuza pamaso. Riferendamu inatsatira mu June 1993, ndipo mu 1994 anagonja pachisankho. Anamwalira pa 25 November 1997 ku Johannesburg, mzinda womwe anagwirako ntchito ali mnyamata.