Carl Linnaeus ndi Duwa Limene Linamdodometsa

Carl Linnaeus anabadwa pa 23 May 1707 m'mudzi wa Råshult, m'dziko la Sweden. Atate wace anali mbusa wokonda kulima maluwa, ndipo mwanayo anadziwa maina a zomera akali wamng'ono. Anaphunzira za using'anga ku Lund ndi ku Uppsala, ndipo m'caka ca 1741 anakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya ku Uppsala komweko.

Nchito yace yaikulu inali kulongosola zomera m'magulu, powerenga ziwalo za m'kati mwa duwa. M'buku lace la 1753, lochedwa Species Plantarum, anapatsa comera ciri conse maina awiri a Cilatini, monga acitira anthu ophunzira kufikira lero. Cimanga cathu anacicha Zea mays.

Poyamba iye anakhulupirira kuti mitundu ya zomera siisinthika konse ciyambire cilengedwe. Koma m'caka ca 1742 mnyamata wina wa sukulu anapeza comera cacilendo pa cisumbu ca kufupi ndi Stockholm. Tsinde ndi masamba zinali za Linaria vulgaris, koma duwa linali lina. Duwa la Linaria likunga nkhope ya munthu: kumanja kufanana ndi kumanzere, koma kumwamba kusiyana ndi kunsi, ndipo kunsiko kuli kanyanga kamodzi. Duwa lacilendolo linali lofanana mbali zonse monga la dzungu, ndipo linali ndi tinyanga tisanu.

Linnaeus analicha Peloria, ndilo liu la Cigriki lonena cirombo, nalemba za ilo m'caka ca 1744. Cingakhale duwalo linatsutsa ciphunzitso cace, sanalibise ai. Anabvomera kuti kapena mtundu watsopano ukhoza kuturuka mwa wakale, ganizo limene ambiri analiyesa loopsa masiku amenewo.

Anamwalira ku Uppsala pa 10 January 1778, osadziwa cimene cinasandutsa duwalo. Yankho linadza m'caka ca 1999, pamene Enrico Coen ndi anzace ku Norwich anaonetsa kuti jini lochedwa Lcyc, limene lisiyanitsa kumwamba kwa duwa ndi kunsi, silinaonongeke, koma linangotsekedwa ndi timankhwala ta methyl. Jinilo likatsekedwa, mbali zisanu zonse zimera ngati ya kunsi, iri yonse ndi kanyanga kace, ndipo kutsekako kupitirira kwa mbeu zace.

Aphunzitsi anzanga, cinthuco cinaoneka poyamba ndi mwana wa sukulu. Tsono mwana akadza kwa inu ndi duwa losagwirizana ndi buku, musamkalipire. Yambani mwawerenga naye ziwalo zace.