Mbusa John Chilembwe, Wolankhulira Asilikali ndi Amtengatenga

Pamwambo wokumbukira ankhondo, lipenga likalira ndipo khamu likakhala chete, maganizo a anthu amapita kwa amuna amene anachoka m'midzi ya kuno ku Thyolo atavala yunifolomu ya King's African Rifles, ndi kwa anzawo ochuluka amene anapita opanda mfuti, atangosenza katundu pamutu. Ena anabwerako ndi zipsera, ena sanabwerenso. Mmodzi mwa anthu oyamba m'dziko muno kulemba poyera kuti imfa ya anthu amenewa si yachabe, ndi kuti kumbuyo kwa msilikali aliyense wakufa kumatsala mkazi wamasiye ndi ana, anali mbusa wa ku Chiradzulu amene sanakhalepo msilikali. N'chifukwa chake mbiri yake ili yoyenera kukumbukiridwa pa tsiku lotere.

Ubwana ndi maphunziro

A John Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano, m'dera la Chiradzulu. Bambo awo anali Myao, mayi awo Mmang'anja. Inali nthawi yosakhazikika, pamene malonda a akapolo anali asanathe ndipo azungu anali atangoyamba kufika m'mapiri a kumtunda kwa Shire. Ali mnyamata anaphunzirako pang'ono pasukulu ya mishoni ya Church of Scotland ya Blantyre, koma moyo wawo unasintha mu 1892 pamene analembedwa ntchito ya m'nyumba ndi mmishonale wina wachingelezi, Joseph Booth, amene anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Booth anali wosiyana ndi azungu anzake. Ankaphunzitsa poyera kuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu ndi kuti Africa ndi dziko la eni ake. A Chilembwe anakhala womasulira wake, ankasamalira mwana wake wamkazi Emily, ndipo anabatizidwa mu 1893. Booth yemweyu ndiye anadzatsegula mishoni ya Plainfield kuno ku Thyolo, imene mu 1902 inakhala ya mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo pambuyo pake inatchedwa Malamulo.

Mu 1897 awiriwa anapita ku America. Kumeneko a Chilembwe analandiridwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, umene unawalipirira maphunziro pa Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Anaona ndi maso awo zidzukulu za akapolo zikuyendetsa zokha masukulu, mipingo ndi manyuzipepala, ngakhale zinali pansi pa tsankho loopsa. Mu 1900 anabwerera kwawo ali mbusa wodzozedwa, ndipo anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Amishonale awiri akuda a ku America, Landon Cheek ndi Emma DeLany, anawathandiza mpaka 1906. Cholinga cha a Chilembwe chinali chakuti munthu wakuda aphunzire, alime mbewu zogulitsa, avale mwaulemu ndi kudziimira payekha. Akazi awo, mayi Ida, ankaphunzitsa amayi kusoka. Pofika 1912 masukulu a mishoniyi anali ndi ana pafupifupi 1,000, ndipo mu 1913 tchalitchi chachikulu cha njerwa chinatha kumangidwa ku Mbombwe.

Dziko la thangata

Kuti munthu amvetse zimene zinadzachitika, ayenera kudziwa mmene moyo unalili m'maboma a Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu pa nthawiyo. M'zaka za m'ma 1890 boma la Harry Johnston linapereka zikalata zotsimikizira kuti malo aakulu, achonde ndi a mvula yokwanira, anali a azungu, ndipo pambuyo pake malowo anakhala a makampani monga British Central Africa Company, Blantyre and East Africa Limited ndi A. L. Bruce Estates. Poyamba ankalima khofi, kenako thonje ndi fodya. Tiyi amene lero waphimba mapiri a Thyolo anadzafalikira kwambiri m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, koma anamera pa nthaka yomweyo ndi pa misana ya anthu omwewo.

Ambiri mwa anthu amenewa anali Alhomwe, amene ankawoloka malire kuchokera ku Mozambique pothawa nkhondo za Apwitikizi, ntchito yokakamiza ndi njala. Pofika kuno analibe malo awoawo, choncho ankakhala pamaesiteti, ndipo m'malo mwa lendi ankalipira thukuta. Mawu akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana kwa anansi pa ntchito ya kumunda, anasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Munthu ankagwira mwezi umodzi kulipirira malo, mwezi wina kulipirira msonkho wa nyumba, ndipo pamaesiteti ena miyezi inkangowonjezeredwa mmene mwini malo wafunira. Ambiri mwa Akhristu a ku Mbombwe anali anthu otere, makamaka okhala pamalo a A. L. Bruce ku Magomero. Woyang'anira malowo, William Jervis Livingstone, ankadziwika ndi nkhanza, ndipo timatchalitchi taudzu timene anthu a a Chilembwe ankamanga pamenepo tinkatenthedwa. Njala ya 1912 ndi 1913 inawonjezera mavuto. Nawo a Chilembwe anali ndi zawo zowalemetsa: ngongole za mishoni, matenda a mphumu, maso amene anayamba kufooka, ndi imfa ya mwana wawo wamkazi.

Kalata ya mu Novembala 1914

Nkhani ya asilikali inkawavutitsa a Chilembwe kuyambira kale. Amuna a dziko lino anali atatumizidwa kukamenya nkhondo kwa Aashanti ku Gold Coast mu 1900, ndiponso ku Somaliland, kumene mu 1903 gulu la asilikali a kuno linatsala pang'ono kutheratu pamalo otchedwa Gumburu. Gulu la King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa mu 1902, linkadalira kwambiri amuna a ku Nyasaland. Mbusayu ankaona akazi amasiye a asilikaliwo akufunsidwabe msonkho ngati kuti amuna awo sanafere boma lomwelo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo anaitcha Nkhondo ya Chiwaya chifukwa cha kulira kwa mfuti zachiwaya, inafika msanga m'dziko muno. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, tsidya la nyanja. Pa 9 Seputembala kunachitika nkhondo ya ku Karonga, ndipo ambiri mwa akufa, mbali zonse ziwiri, anali anthu akuda. Uthenga wa maliro utafika m'midzi ya kummwera, a Chilembwe anatenga cholembera.

Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times m'dzina la anthu a mtundu wawo. Anakumbutsa boma kuti anthu a dziko lino anali atakhetsa kale magazi m'nkhondo zake zonse popanda kuwiringula. Anafunsa chimene anthuwo adzapindule nkhondo ikadzatha, popeza pa nthawi ya mtendere zabwino zonse zinkapita kwa azungu, ndipo wakuda ankakumbukiridwa pokhapokha pakafunika wokafa. Ananena kuti ngati nkhondo ili ya olemera ndi eni minda, iwowo ndiwo apite kukamenya, m'malo motuma amphawi amene sadziwa n'komwe chimene chinayambitsa mkanganowo, ndipo akafa amasiya mabanja awo pa umphawi wadzaoneni. Pa Chichewa amati njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, ndipo mbusayu analankhulira udzuwo. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalikire, ndipo akuluakulu anayamba kukonza zowachotsa m'dziko muno.

Masiku khumi ndi awiri

Ataona kuti khomo la mawu latsekedwa, a Chilembwe ndi anzawo, monga John Gray Kufa, anasankha njira ya mikondo. Usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale 1915, magulu awo ananyamuka ku Mbombwe. Ku Magomero anapha Livingstone ndi kumudula mutu, ndipo azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, anaphedwanso. Akazi ndi ana a azunguwo sanavulazidwe, monga mmene a Chilembwe analamulira. Gulu limene linapita kukalanda zida ku Mandala, ku Blantyre, linangopeza mfuti zochepa, ndipo mlonda wachikuda anafa pa chipwirikiticho. Mmawa wa Lamulungu mbusayu analalikira mutu wa Livingstone uli m'tchalitchi. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ku Nguludi inatenthedwa ndipo wansembe anavulazidwa kwambiri. Mbiri yoona sibisa zimenezi: magazi anakhetsedwa, ndipo ena mwa iwo anali a anthu osalakwa.

Mafumu ambiri sanalowe nawo m'chiwembucho, ndipo kuukira kwa Filipo Chinyama ku Ntcheu kunazimitsidwa kusanapite patali. Asilikali a boma analanda Mbombwe ndi kuphulitsa tchalitchi cha njerwa chija. A Chilembwe anathawira kumalire a Mozambique, ndipo pa 3 Febuluwale 1915 anawomberedwa m'dera la Mulanje. Anaikidwa mobisa, m'manda opanda chizindikiro. Otsatira awo oposa 30 ananyongedwa kapena kuwomberedwa ataweruzidwa mofulumira, kuphatikizapo a Kufa ndi a Duncan Njilima, pafupifupi 300 anamangidwa, ndipo ena ambiri anaphedwa m'tchire popanda mlandu kuzengedwa.

Apa pali chinthu chowawa chimene mwambo wa lero suyenera kuchilambalala. Amene anazimitsa kuukirako anali asilikali ndi apolisi achikuda, anthu omwe aja amene mbusayu anawalembera kalata yowadandaulira. Ambiri a iwo analowa usilikali chifukwa cha msonkho, njala kapena lamulo la mfumu, ndipo analumbira kumvera akuluakulu awo. Woukira ndi msilikali anali ana a midzi imodzi, ndipo goli limene linawaika mbali ziwiri zosiyana linali limodzi.

Zimene ankaopa zinachitika

Nkhondo inapitirira kwa zaka zina pafupifupi zinayi. Kuyambira 1916, pamene General Edward Northey anayamba kulondola Ajeremani kuchokera kumpoto kwa nyanja, kufunika kwa anthu kunakula koopsa. Amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino anakhala asilikali, ndipo pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, m'dziko limene panthawiyo linali ndi anthu pafupifupi 1.2 miliyoni. Popeza kunalibe misewu ya galimoto, ufa, zipolopolo ndi mankhwala zinkayenda pamitu ya anthu. Ambiri ankagwidwa usiku m'nyumba zawo, ndipo anafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala kuposa amene anafa ndi zipolopolo. Mu 1918 gulu la General Paul von Lettow-Vorbeck linadutsa m'dziko lenileni la Alhomwe ku Mozambique, ndipo ku Lioma, kumapeto kwa Ogasiti, asilikali a ku Nyasaland anamenya nkhondo yoopsa pa nthaka imene makolo a ambiri a kuno anachokera. Ajeremani anagonja ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala 1918. Obwerera kumudzi anapeza mliri wa fuluwenza ukusesa otsala.

Patapita zaka 21 ana awo anaitanidwanso. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse amuna a kuno anamenya ku Ethiopia, ku Madagascar ndi m'nkhalango za ku Burma, ndipo dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu limakumbutsa nkhondo imene anamenya pamalire a Kenya ndi Ethiopia mu 1940. Atabwerako anapeza thangata akadalipo. Mkwiyo wa nkhani ya malo ndi wa chitaganya unaphulika kuno ku Thyolo mu Ogasiti 1953, ndipo anthu 11 anafa m'chigawo cha kummwera. Thangata anathetsedwa mu 1962, patapita zaka 47 chimwalirire a Chilembwe.

Chikumbutso chawo

Mishoni ya ku Mbombwe inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Sharpe Malikebu, ndipo ilipo mpaka lero. Dziko la Malawi limakumbukira a Chilembwe pa 15 Januwale chaka chilichonse, ndipo nkhope yawo ili pa ndalama ya K2,000. Ambiri amawadziwa ngati woukira atsamunda, koma asanagwire nkhondo anali atayamba walankhulira amene akutumidwa kunkhondo. Funso limene anafunsa mu 1914, lakuti ndani adzasamale mkazi ndi ana a msilikali wakufa, silinakalambe. Linamvekanso mu Novembala 2018, pamene asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi Defence Force anaphedwa pa ntchito yosungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo, ndipo limamveka pakhomo pa msilikali aliyense wopuma amene akukalamba mosowa.

Ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, pali nsanja ya njerwa zofiira imene inalembedwa mayina a asilikali a King's African Rifles amene anafa. Amtengatenga ambiri sanalembedwe paliponse. Anakwiriridwa m'mbali mwa njira za ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ndipo mayina awo anatsala m'kamwa mwa abale awo okha. A Chilembwe nawonso alibe manda oti munthu angaikepo nkhata ya maluwa. Choncho nkhata zimene zikuikidwa lero pakati pa minda ya tiyi ya Thyolo ndi za onsewa pamodzi: msilikali amene dzina lake lili pamwala, wamtengatenga amene sanawerengedwe, mayi amene anadikira pakhomo mpaka kukalamba, ndi mbusa wa ku Mbombwe amene anaumirira kuti aliyense wa iwo anali munthu wokhala ndi dzina ndi banja.