Boethius Woyera: Kodi Munthu N'chiyani?

Boethius anabadwira ku Rome cha m'ma 480, m'banja lolemekezeka. Anazama pa nzeru za Agiriki, ndipo anatumikira pa maudindo akuluakulu m'boma la Mfumu Theodoric.

Masiku amenewo Akhristu ankatsutsana za Ambuye Yezu: poti ndi Mulungu komanso munthu, kodi ndi mmodzi kapena awiri? Poteteza chikhulupiriro chakuti Yezu ndi mmodzi, wokhala ndi umulungu ndi umunthu wathunthu, Boethius anayamba walongosola chimene chimachititsa aliyense kukhala iye mwini. Anaphunzitsa kuti munthu ndi amene alipo payekha, wosalowedwa m'malo ndi wina, ndipo chibadwa chake n'cha kulingalira. Patapita zaka mazana asanu ndi awiri, Thomas Aquinas Woyera anatsamira pa chiphunzitsochi.

Atateteza mnzake Albinus pamaso pa mfumu, Boethius anaimbidwa mlandu woukira boma. Anam'landa udindo ndi chuma, n'kumutsekera m'ndende, mmene analembera buku lake lotchuka, Consolation of Philosophy. Anaphedwa cha m'ma 524. Mafupa ake ali ku Pavia, m'tchalitchi chimodzi ndi a Augustine Woyera.

Akhristu anzanga, chiphunzitso chakechi sichitchula chuma, udindo kapena thanzi. Khanda, wam'ndende ndi gogo amene wayamba kuiwala maina a ana ake, onsewa ndi anthu athunthu. Timam'kumbukira pa 23 Okutobala.